Sukulu za pa Likoma: Za Mpingo Kapena za Dziko?

Sukulu za pachilumba cha Likoma zinayamba ndi amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, amene anakhazikika kumeneko mu 1885. Kwa iwo, kuphunzitsa mwana kuwerenga inali ntchito ya Mulungu, popeza wodziwa kuwerenga ankatha kudzitsegulira yekha Malemba m'Chinyanja. Nthawi zambiri mphunzitsi wa m'mudzi ndiye ankatsogoleranso mapemphero.

Malawi atalandira ufulu mu 1964, boma linakulitsa udindo wake pa malipiro a aphunzitsi, silabasi ndi mayeso, ndipo mu 1994 sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Apa funso linakula: kodi sukulu imaumba Mkhristu kapena nzika?

Mpingo umati nzeru zopanda kuopa Mulungu sizimanga munthu. Boma limati mwana aliyense, kaya wa chipembedzo chanji, ali ndi ufulu wophunzira. Mwana wa msodzi wa ku Yofu, amene m'mawa amathandiza kuyanika usipa pathandala asanathamangire kukalasi, amafunika zonse ziwiri: luso lomudyetsa ndi khalidwe lomusunga pakati pa anthu. Mbali iliyonse ikalemekeza chikumbumtima cha mwanayo, mpingo ndi boma zimagwirizana bwino.