Kukhulupirika pa Khomo la Khonsolo

Kuyambira 2005 mpaka 2014 mizinda ya dziko lathu la Malawi inakhala yopanda makhansala. Atasankhidwanso, ambiri tinkati zinthu zikoma. Koma mayi wogulitsa tomato akalipira ndalama ya pamsika, amadzifunsabe kuti ikupita kuti, poona zinyalala zili mbwee pafupi ndi benchi lake.

M'chaka cha 1875, 'Abdu'l-Bahá analemba buku lotchedwa The Secret of Divine Civilization, lokhudza dziko la Persia. Anaphunzitsa kuti kukhala ndi mabungwe a anthu osankhidwa n'kwabwino, koma sikupindula ngati osankhidwawo alibe mtima woyera ndi nzeru. Anaonanso kuti akuluakulu amapondereza anthu mosaopa pamene anthu wamba sadziwa kufotokoza dandaulo lawo.

Malamulo okhwima ndi ofunika ndithu. Komatu chiphuphu sichiyenda ndi dzanja limodzi. Amene timapereka "ya fanta" kuti pulani ya nyumba idutse msanga ndife tomwe, kenako n'kumadandaula m'minibasi kuti khonsolo yavunda. Ena mwa ife timagwira ntchito komweko. 'Abdu'l-Bahá analangiza okhulupirira ogwira ntchito m'boma kuti azikhutira ndi malipiro awo. Tikudziwa kuti malipirowo amatha mwezi usanafike pakati, ndipo langizoli n'lolemera. Sitingalichepetse kuti litikomere.

Ife sitilowa ndale za zipani, koma mzindawu ndi wathu. Sabata ino tikambirane: kalaliki akatiuza kuti fayilo yathu yasowa, ndipo tikudziwa chimene akufuna, tidzamuyankha chiyani? Nanga mnansi wathu wosadziwa kulemba, adzamuthandiza ndani kulemba kalata ya dandaulo?