Kodi Ncolungama Kumana Wodwala Mankhwala Kuti Ena Apulumuke?

Pali nthenda imene igwetsa munthu mwadzidzidzi: m'mawa ali wamphamvu, madzulo dzanja ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka, lilime lalemera. Nthendayi, imene lero icedwa sitiroko, ibwera pamene mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo kawirikawiri gwero lake ndilo kuthamanga kwa mwazi kopitirira muyeso.

Kale madokotala ambiri anayesa kuti kuthamangako nkofunika kuti mwazi ufike ku ziwalo zonse, naopa kukucepetsa. Tsono Dokotala Edward Freis wa ku America ndi anzake anafuna umboni. Anasankha amuna 143 amene anakhalapo asilikali, onse a mwazi wothamanga koopsa. Amuna 73 anawapatsa mankhwala enieni, koma 70 anawapatsa mibulu yopanda mphamvu. Zotsatira zinafalitsidwa m'caka ca 1967: pakati pa olandira mibulu yacabe panagwa mabvuto akulu 27, ndipo anai anafa, pakati pa enawo panagwa awiri okha, osafa ndi mmodzi yemwe. Poona ici, madokotala analeka kuyesako nthawi isanakwane.

Kodi amuna 70 aja analakwiridwa? Wina adzati inde, pakuti wodwala apita kwa dokotala kukacira, si kukakhala phunziro la ena ai. Wina adzati iai, pakuti popanda kuyesa kotere anthu osawerengeka akadafa ziwalo, madokotala ali cikanganirane. Akulu anati walira mvula walira matope.

Mwambiwo ngwoona, koma sunena amene ayenera kuponda matopewo. Kuyesa kukhala kolungama pokhapo zinthu zitatu zasungidwa. Coyamba, dokotala akhale wosadziwadi njira yopambana, cifukwa kumana munthu mankhwala odziwika kale ndiko kumpereka ku imfa. Caciwiri, wodwala auzidwe zonse nabvomere yekha, monga madokotala a maiko ambiri anapangana ku Helsinki m'caka ca 1964. Cacitatu, coonadi cikangooneka, kuyesa kulekeke pomwepo.

Komabe ngongole itsala. Nzeru imeneyi inagulidwa ndi matupi a anthu amene maina ao sakumbukika. Munthu amene akana kupimitsa mwazi wake ku cipatala, kapena aleka mankhwala poti sakumva kuwawa, ataya cimene anzake analipira ndi moyo wao.