Nkhanga zinapangana kusanapse

Akuluakulu adati nkhanga zinapangana kusanapse. Zikadadikira kuti moto ufike m'tchire, bwenzi iliyonse itaulukira kwake, anapiye n'kutsala m'phulusa. Mwambiwu ndaukumbuka poganizira nkhani imene ambirife timaiiwala mpaka tsiku la tsoka, ya m'mene dziko limaphunzitsira asilikali ake oyendetsa ndege, ndi mbali imene sukulu zathu za ukachenjede zingatengepo.

Ife a kuno ku Blantyre moto wake tidauona m'mwezi wa Marichi 2023. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope adakwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje ndi ku Phalombe milatho idakokoloka, midzi ina n'kusanduka zilumba. Kumene galimoto idalephera kufika, anthu ankangoyang'ana kumwamba. Ena mwa mahelikopita amene adapititsa ufa kwa anthuwo ndi kunyamula ovulala adachokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Anansi athuwa tiwathokoze, pajatu mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Koma fodya ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Thandizo la kunja limabwera mwini wake akakonzeka, pamene madzi osefukira sadikira munthu.

Sikuti dziko lino ndi lachilendo pa za ndege za asilikali. Nthambi imeneyi idayamba m'chaka cha 1976 ndi thandizo la dziko la Germany, kumenenso kudachokera ndege za mtundu wa Dornier zimene takhala tikuziona ku Zomba ndi ku Chileka. M'chaka cha 2019 nthambiyi idakhala gulu loima palokha la Malawi Air Force. Maofesala athu amasulidwa ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, ndipo ambiri mwa oyendetsa ndege luso lawo adakalitenga kunja. Palibe cholakwika pamenepo, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma wopita kunja amafunika kuchoka pakhomo atakhwima kale, ndipo akabwerera apeze anzake oti agwire nawo ntchito.

M'mwezi wa Juni 2024 tidalira maliro a dziko lonse. Pa 10 Juni ndege ya asilikali ya Dornier 228, imene idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu asanu ndi anayi adatisiya, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi asilikali atatu ogwira ntchito m'ndegemo. Akatswiri a ku Germany amene adafufuza ngoziyo adapeza kuti kudali nkhungu, kuti ndegeyo idalibe makina osunga mawu ndi mbiri ya ulendo, komanso kuti batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera lidatha ntchito m'chaka cha 2004. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikulemba izi kuti ndiloze chala omwalira. Ndikuti ulendo wa ndege umakonzedwa pansi, ndi anthu ambiri, zaka zambiri tsiku lonyamuka lisanafike.

Maiko ena adaziona kale zimenezi, n'chifukwa chake adalumikiza yunivesite ndi usilikali. Ku Britain, kuyambira m'chaka cha 1925, ophunzira a ku Cambridge ndi ku Oxford adayamba kuphunzira kuulutsa ndege pansi pa Royal Air Force akadali pasukulu, ndipo mwambowo udafalikira ku mayunivesite ena mpaka lero. Ku South Africa, sukulu ya asilikali ya ku Saldanha ndi nthambi ya Stellenbosch University, kotero ofesala amatuluka ndi nyota paphewa komanso digiri m'manja. Pafupi pomwepo, ku Langebaanweg, ndi pamene oyendetsa ndege a dzikolo amaphunzirira kuuluka.

Nanga ife tikusowa chiyani? Munthu akachoka pano pa Mandala wapansi kulowera ku Ginnery Corner, satuluka thukuta asanafike pa MUBAS, imene kale tinkaitcha Poly. Pamenepo anyamata ndi atsikana akuphunzira za injini, za magetsi ndi za makina a mauthenga. Ku Thyolo kuli MUST, kumene ena akuphunzira za nyengo. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a za chitetezo. Zipangizo zomangira zilipo, zangomwazikana. Mutu umodzi susenza denga. Akuluakulu a asilikali ndi a sukuluzi atakhala pansi, angathe kumasankha ophunzira ochepa chaka chilichonse, kuwalipirira fizi, kuwatumiza ku Salima pa holide kuti akalawe mwambo wa chisilikali, ndi ku Zomba kuti akagwire sipanala pafupi ndi amakaniko a ndege. Pomaliza digiri, ena angapite kukaphunzira kuuluka, ena n'kukhala mainjiniya ndi akatswiri a za nyengo a gululo.

Wina anganene kuti kuyendetsa ndege n'kwa manja, sikufuna digiri. Amene adaonapo woyendetsa ndege asananyamuke sanganene choncho. Woyendetsayo amaizungulira ndege yonse wapansi. Amagwada kuona matayala, amagwedeza timapiko ta kumbuyo, amasuzumira m'injini. Pa ndege zing'onozing'ono amakhetsera mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera, n'kukakweza m'mwamba kuti aone ngati pansi pake padikha dontho la madzi. Akatero amawerengera kulemera kwa anthu ndi katundu, mafuta a ulendo ndi ena apadera, mphepo ndi kutalika kwa mapiri a m'njira. Zonsezi ndi masamu ndi sayansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere kumaphunziridwa pang'onopang'ono.

Chachikulu koposa ndi ichi. Msilikali amaphunzitsidwa kumvera, ndipo n'koyenera. Koma woyendetsa ndege amafunikanso mtima wotha kuuza wamkulu kuti, “Bwana, lero sitinyamuka, kunja sikuli bwino.” Mawu amenewa ndi olemera pakamwa pa mwana wa ku Malawi, amene adaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa. Amawatula bwino ndi munthu amene akudziwa chifukwa chake, amene angaonetse pa pepala kuti mitambo yatsika motani ndipo phiri lili pati. Maphunziro ozama amampatsa munthu poimira. Akuluakulunso ayenera kuphunzira kuwalandira mawuwo popanda kukwiya, chifukwa kuthamanga si kufika.

Ndikudziwa kuti zonsezi n'zodula, ndipo zipatala ndi sukulu za pulayimale nazo zikulira. Koma walira mvula walira matope. Dziko limene likufuna ndege zopulumutsa anthu ku Nsanje madzi akasefukira livomerenso mtengo wophunzitsa anthu ake ndi wosamalira ndegezo. Kugula ndege yatsopano popanda woisamalira n'kutaya ndalama kawiri.

Kwa inu adzukulu anga a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, amene mumatukula mutu ndege ikamatsikira ku Chileka, m'mera mpoyamba. Gwirani masamu, fizikisi ndi Chingerezi kuyambira Fomu 1. Samalani maso ndi thupi lanu, pewani mowa ndi chamba, chifukwa madokotala a asilikali amayeza mosanyengerera. Atsikana musadzikayikire, pajatu mmodzi mwa oyendetsa ndege ya ku Chikangawa ija adali mayi wa udindo wa meja. Ndipo inu aphungu a Nyumba ya Malamulo, pokambirana bajeti ya chitetezo, funsani kuti ndi ndalama zingati zapita ku maphunziro a oyendetsa ndege ndi ku zipangizo zokonzera ndege zimene tili nazo. Funsani chaka chino, mvula isanagwe.