Chimene ndinafufuta pa chithunzi cha Mulanje

Achimwene anga ali ku Johannesburg chaka chachisanu tsopano. Mwezi watha anandipempha pa WhatsApp kuti ndiwajambulire phiri la Mulanje monga limaonekera kwathu kuno ku Majaua dzuwa likamatuluka.

Ndinalawirira m'mamawa, n'kukaima pamtunda pafupi ndi mtsinje wa Ruo. Kuti phiri lonse likwane, foni umaiyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumpoto mpaka kum'mawa, ndipo iyo imalumikiza yokha tizithunzi tambirimbiri kukhala chimodzi chachitali. Ukanjenjemera dzanja, phiri limathyoka pakati. Ndinabwereza kanayi.

Chithunzi chinatuluka chakuda, chifukwa foni inatengeka ndi kuwala kwa dzuwa n'kusiya phiri mumdima. Ndinaliwalitsa mpaka miyala inaoneka, ndipo apa mtima sunanditsutse. Maso anga anaona miyalayo. Foni ndiyo inalephera, ine ndinangobwezera.

Koma m'munsi mwa chithunzi munali dimba la malemu bambo athu, limene madzi a namondwe Freddy anakwirira ndi mchenga mu Malichi 2023. Mpaka lero pamera zitsamba zokhazokha. Mu foni muli kachida kofufutira: ukakhudza malo ndi chala, kamatenga msipu wapafupi n'kuphimbapo. Ndinakhudza kawiri, dimba linabiriwira.

Kodi pamenepa ndinanama? Ndinadziuza kuti aliyense wojambula amasankha. Ngakhale malire enieniwo saoneka pa chithunzi. Phirilo lili ku Malawi, ine ndaima ku Mozambique, ndipo pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la 1891 limene linasandutsa Ruo kukhala malire foni silidziwa. Komanso munthu wotopa kuchilendo, n'kumutumiziranji mchenga?

Komabe kusiya chinthu kunja kwa chithunzi n'kosiyana ndi kuikamo chimene kulibe. Ndipo achimwene sakanaliona ngati duwa lokongoletsera foni ayi. Akhala akunena kuti akadzabwerera adzalima masamba padimba lomwelo, ndipo ndalama akusunga ndi maganizo amenewo. Chifundo changacho chikanawapangitsa kuwerengera nthaka yomwe inapita. Ndikaunguza bwino, amene ndimamuteteza ndinali ine ndemwe, amene kwa nthawi yonseyi ndinkaopa kuwauza kukula kwa chionongekocho.

Ndinabweza mchenga uja n'kutumiza. Anakhala tsiku lonse osayankha. Madzulo anaimba, ndipo za phiri sanatchuleko. Anangofunsa kuti mchengawo ndi wakuya bwanji, ndipo ngati khasu lingafike padothi.