Munthu akasochera m'pulogalamu, wolakwa ndani?

"Ine zamakompyuta sindizitha." Mawu amenewa ndimawamva kwa aphunzitsi, anamwino ngakhalenso anthu owerengera ndalama, akatswiri enieni pa ntchito zawo. Amawanena mwamanyazi, ngati akuulula tchimo. Don Norman, m'buku lake la mu 1988 limene pano limatchedwa The Design of Everyday Things, anaona zomwezi: chipangizo chikatikanika timadziimba tokha mlandu, pomwe nthawi zambiri vuto limakhala kapangidwe kake. Ndikugwirizana naye. Amene wamanga nyumba ya zipinda zambirimbiri n'kuitanira anthu ali ndi udindo wowasonyeza khomo. Chovuta n'chakuti kusonyeza munthu njira nako kungathe kukhala chipongwe.

Taonani Microsoft Office. Ankangowonjezeramo zinthu mpaka anthu anayamba kupempha kampaniyo kuti iikemo zinthu zimene zinalimo kale, kungoti sankazipeza. Mu Office 97 munabwera Clippy, kachidole kooneka ngati kawaya kopanira mapepala, kamene kankangotulukira n'kumafunsa ngati ukufuna thandizo polemba kalata. Anthu anatopa nako. Mu Office 2000 pulogalamuyo inayamba kubisa yokha zinthu zimene munthu sazigwiritsa ntchito kawirikawiri, moti chimene unachiona dzulo lero sunkachipezanso pamalo pake. Zonse ziwirizi anazisiya mu Office 2007. Kwa ine cholakwika chinali chimodzi: Clippy ankamutenga munthu ngati mwana, ndipo kubisako kunali kumusankhira zimene ayenera kuona. Chimene munthu wamkulu amafuna n'kuuzidwa momveka zimene zachitika, komanso kudziwa ngati angathe kubwerera m'mbuyo akalakwitsa.

Wina anganene kuti safunsa anadya phula, munthu aziwerenga malangizo. Nanga akafunsa, woyankhayo n'kumupatsa nambala chabe?

Pa Word zimenezi zimangotayitsa nthawi, koma mapulogalamu ena amayendetsa makina a m'chipatala. Mu March 1986, mumzinda wa Tyler ku Texas, mayi wina wogwira ntchito pachipatala cha khansa ankakonzekera kupereka chithandizo kwa wodwala pogwiritsa ntchito makina otchedwa Therac-25. Analemba chilembo cholakwika, n'kuchikonza msangamsanga chifukwa anali atawazolowera makinawo. Liwiro lakelo ndi limene linadzutsa vuto lobisika m'pulogalamu. Makinawo anaima n'kulemba kuti "Malfunction 54". Buku la malangizo silinafotokoze tanthauzo lake, ndipo pasikirini pankaoneka ngati wodwalayo walandira mphamvu yochepa kwambiri. Makina amenewa ankaimaima chonchi kawirikawiri popanda choopsa chilichonse, choncho mayiyo anadina P kuti apitirize, monga ankachitira masiku onse. Koma zoona zake n'zakuti wodwalayo anali atawotchedwa kale mopitirira muyezo, ndipo anamwalira patatha miyezi isanu.

Sindikuona pamene ndingamupezere mlandu mayi ameneyu. Sanali mbuli kapena wosasamala. Makinawo anali atamuphunzitsa okha kuti machenjezo awo ndi phokoso chabe, ndipo tsiku limene chenjezo linali la moyo ndi imfa, linabwera litavala malaya omwewo. Amene anasankha kulemba nambala m'malo mwa mawu oti "siyani, wodwala angakhale atavulala" sanali m'chipindamo tsikulo, komabe dzanja lake linali pabatanipo limodzi ndi la mayiyo.

Akatswiri a kampani yopanga makinawo anabwera kudzawayeza, sanapeze vuto, ndipo chipatala chinayambiranso kuwagwiritsa ntchito. Patatha milungu itatu kuchokera pa ngozi ija, "Malfunction 54" inatulukanso pa wodwala wina, nayenso anamwalira.