Kodi Mwana Wotere Ngwolakwa?

M'masukulu a ku Bolero, ku Hewe ndi m'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi, mupezeka mwana amene aphunzitsi amtcha wosamva. Chimene auzidwa lero, mawa waiwala. Sakhazikika pa benchi. Akapsa mtima agenda anzake miyala. Ena mwa ana otere anavulala asanabadwe, pakuti mowa umene mayi amwa ali ndi pakati, ungakhale kachasu kapena masese, uyenda m'magazi nufika kwa mwana, nuononga bongo wake ulikukula. Dokotala Paul Lemoine wa ku France analongosola za ana 127 otere m'chaka cha 1968.

Tsono mlandu ngwa yani? Munthu atsutsidwa pa chinthu chimene akadatha kuleka. Koma mwanayu sanadzisankhire bongo, ndipo chikoti sichingakonze chimene chinaonongeka m'mimba. Kunyoza mayi wake nakonso nkwachabe, popeza ambiri anamwa asanadziwe kuti aima, ndipo mayi wonyozedwa angomsunga mwana kunyumba.

Komabe mnzake wogendedwa uja ali ndi bala lenileni, ndipo makolo ake sadandaula pachabe. Chifukwa chake mphunzitsi wanzeru amkhazika mwanayo kutsogolo, namuuza chinthu chimodzi chokha, ndi mawu omwewo tsiku ndi tsiku. Akaona kuti mkwiyo ulikudza, amtuma kukatunga madzi mwala usanatoledwe.