Mtengo wa Ulusi ndi Mtengo wa Zaka

Kodi luso limene munthu analiphunzira pofuna kusangalatsa mtima limataya ulemu wake likasanduka chopezera chakudya? Mbiri ya amayi a ku Bulawayo ingathandize kuyankha funsoli. Mu 1963, khonsolo ya mzindawu inakhazikitsa Bulawayo Home Industries, kumene amayi a m'makomboni ankaphunzira kuluka ndi ntchito zina zamanja. Ndondomeko ya zachuma ya ESAP itayamba mu 1991, mafakitale a nsalu anachotsa antchito ambiri, ndipo amayi ochuluka ankanyamula madoyilo oluka okha, kudutsa pa Beitbridge, kukagulitsa ku Johannesburg.

Ena amati pamenepa kuluka kunaleka kukhala mpumulo n'kusanduka goli. Komatu mmisiri weniweni akalakwitsa mzere amamasula ulusi n'kuyambiranso, ngakhale akudziwa kuti wogula sakadaona cholakwacho. Ulemu wa luso wagona pa kukhulupirika kotereku, ndipo njala siingakufafanize.

Mlandu utsalira wogula wonenerera. Iye amawerengera ulusi wokha, n'kuiwala zaka zimene zala zinatha pophunzira, ndi maso amene anafookera pa nyali. Wolipira mosalingalira zimenezi wadya thukuta la mnzake.